Pulani ikuti 1:50 koma lula ikukana, thandizeni pa nkhani ya viewport

Tiyamike: Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, mundipirire ndilemba motalika. Ndili ndi miyezi isanu chiyambireni ntchito pa ofesi ina yaing'ono kuno ku Lilongwe. Sabata yatha ndinamaliza mapulani a nyumba ya zipinda zogona zitatu mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta, ndinawaika pa layout (tsamba lokonzerapo zosindikiza) ya A1, sikelo 1:50. Abwana atawaona pa kompyuta anati ali bwino. Kasitomala anatenga PDF n'kukasindikiza yekha m'tauni. Lero m'mawa akapitawo andiimbira ali ku saiti, akuti akaika lula ya sikelo papepala, chipinda chimene ndalemba kuti ndi mamita 4 chikuwapatsa mamita awiri osakwana. Ayamba kukayikira mapepala onse, ndipo anyamata okumba maziko angokhala pansi pa mtengo kudikira. Mu model, momwe nyumba imajambulidwa pa msinkhu wake weniweni, ndayezanso, chipindacho ndi 4000 ndendende. Ndalakwitsa pati?

Yohane: Achemwali, tisanapite kutali, afunseni akapitawowo kuti pepala lili m'manja mwawolo ndi lalikulu bwanji.

Tiyamike: Ndawafunsa. Akuti ndi A3.

Yohane: Ndiye ndi pomwepo. Inu munakonza A1, osindikiza anaifinyira pa A3. Ine ndimagwira ntchito ku saiti, izi ndimakumana nazo mwezi ndi mwezi. Makina a A1 sapezeka paliponse, ndipo mtengo wake kasitomala akaumva amangoti ikani pa kakang'onoko. Auzeni akapitawo atsatire manambala olembedwa, lula aibweze m'thumba, anyamata ayambe kukumba.

aPhiri: Zimene anena a Yohane n'zoona, koma mwananga ndikufuna mumvetse chifukwa chake kuti mawa musadzadabwenso. Pepala la A1 ndi mamilimita 594 kwa 841. La A3 ndi 297 kwa 420. Mukaona bwino, A3 ndi theka la A1 m'litali ndi m'lifupi momwe. Choncho pulani ya 1:50 pa A1 ikachepetsedwa pa 50 peresenti yeniyeni imasanduka 1:100 pa A3, ndipo munthu atha kuiyeza ndi lula mbali ya 1:100 n'kupeza zolondola. Chipinda chanu cha mamita 4 chikanawerengeka mamita awiri enieni pa mbali ya 1:50. Akapitawo akuti awiri osakwana. Kusakwanako kukutiuza kuti osindikiza sanaike 50 peresenti, anangodina Fit, makina n'kuchepetsanso pang'ono kuti asiye malire m'mbali mwa pepala. Pamenepo sikelo siinalinso 1:50 kapena 1:100, inali ina yopanda dzina imene lula iliyonse ilibe.

Mankhwala ake ndi awiri. Choyamba, pafupi ndi sikelo muzilemba kukula kwa pepala, monga 1:50 pa A1, ndipo ngati mukudziwa kuti idzachepetsedwa onjezerani 1:100 pa A3. Chachiwiri, pansi pa chojambula chilichonse muziika kamzere ka sikelo, kaja kogawidwa mamita 0, 1, 2, 5. Pepala likafinyika, kamzereko kamafinyika nalo limodzi, ndiye sikanama.

Tiyamike: Zikomo kwambiri bambo. Ndawaimbira akapitawo, amvetsa. Koma poyang'ananso ndapeza china chimene chandiopsa. Pa pepala lachiwiri, la ma elevation (maonekedwe a nyumba kunja), ndadina viewport (kazenera ka pa layout koonetsa za mu model) n'kuona mu Properties. Pa Custom scale palembedwa 0.0187. Pa pepala loyamba pali 0.02. Kodi izi zikutanthauza chiyani?

Madalitso: Zikutanthauza kuti viewport yachiwiriyo siili pa 1:50, achemwali. 1 kugawa ndi 50 ndi 0.02. Munalowamo tsiku lina podina kawiri, n'kuzunguza kawilo ka mausi poganiza kuti mukuyandikitsa pepala, pamene munali kusuntha sikelo ya viewport. Palibe wa ife amene sizinamuchitikirepo. Bwezerani pa 1:50, mukatero dinani kaloko kali m'munsimo pafupi ndi sikelo, kapena mu Properties ikani Display locked pa Yes. Kuno ku Johannesburg kumene ndili, pepala likapezeka ndi viewport yosakiya amakubwezera ngakhale zina zonse zili bwino.

Nachisale: Ndiwonjezere pa zimene anena achimwene anga a Madalitso, chifukwa ndikuona pagulu pano alipo ambiri achichepere amene amangowerenga osafunsa. Ine ndimawauza ana a mu ofesi mwanga kuti viewport ndi zenera. Nyumba ili panja, yamangidwa pa msinkhu wake weniweni, khoma la 230 ndi 230, chitseko cha 900 ndi 900. Ndiyo model. Pepala ndi chipinda chimene inu mwaimamo, ndipo mumaboola zenera n'kusankha kuti muione nyumbayo muli patali bwanji. Nyumba simuichepetsa ayi. Ndimamva chisoni ndikalandira fayilo imene munthu wakopera pulani katatu mu model, ina waichepetsa ndi SCALE, ina waikulitsa, kuti zikwane mu felemu imene wajambulanso mu model momwemo. Kasitomala akati sunthani chitseko, musuntha malo atatu, ndipo amodzi mudzaiwala.

Ndondomeko yanga ndi iyi. Ndimayamba ndi Page Setup, kusankha DWG To PDF, pepala, ndi sikelo yosindikizira 1:1. Layout nthawi zonse imasindikizidwa 1:1, sikelo yonse imachitikira mu viewport. Kenako ndimapanga layer (gulu la zojambula zimene zimayatsidwa kapena kuzimitsidwa pamodzi) ya ma viewport okha, n'kuizimitsa kusindikiza pa kachizindikiro ka pulinta kaja, kuti malire a zenera asatuluke papepala. Ndikatero MVIEW yoboolera viewport, kulowa mkati, kupeza chojambula, kusankha sikelo, kusuntha ndi PAN mpaka chikhale pabwino, kutuluka, kukiya. Kukiya kumabwera pomwepo, osati mawa.

Chisomo: Mayi, ine ndili pasukulu chaka chachiwiri. Anzanga amaika ma viewport pa Defpoints poti siisindikizika. N'kulakwa?

Nachisale: Imagwira ntchito, koma siinapangidwire zimenezo mwanawe. Defpoints imadzipanga yokha mukayamba kuika miyeso, ndi ya timadontho ta miyesoyo. Ndipo ili ndi khalidwe lina lovuta: mukachita freeze (kuzimitsa) layer 0, zinthu za pa Defpoints zimaoneka koma sizigwirika. Munthu amatha ola lathunthu akudina viewport osaigwira. Kupanga layer yanuyanu sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Tiyamike: Ndakonza sikelo ndipo ndakiya onse. Tsopano ndikuganiza zongokonzanso mapepala onse pa A3 poti ndiyo imene ikufika ku saiti. Koma zilembo ndi miyeso ndinaziika mu model pa msinkhu wa 125. Ndikapita pa 1:100 zikhala zazing'ono kwambiri eti?

aPhiri: Zikhala 1.25 papepala, ndipo mmisiri wa zaka zanga sangaziwerenge ali padzuwa. Chilembo chaching'ono kwambiri pa pulani yomangira chizikhala 2.5 papepala, mitu 3.5 kapena 5. Pa 1:50 ndiye 125 mu model, pa 1:100 ndi 250. N'chifukwa chake ine miyeso ndi zilembo ndimaziika pa layout penipeni, pamwamba pa viewport. Pamenepo 2.5 ndi 2.5 basi, palibe masamu. Ife tinaphunzira pa bolodi ndi inki, ndipo kumeneko munthu unkaganiza za pepala kuyambira mzere woyamba. Maganizo amenewo sanandichoke, ndipo sindinaone chifukwa chowasiyira.

Nachisale: Bambo Phiri, pamenepa pokha ndiye tisiyana, mundikhululukire. Miyeso ya pa layout ndinaisiya chifukwa cha zinthu ziwiri zimene zinandipweteka. Choyamba, muyeso ukapanda kugwira bwino pa mzere wa mu model, kapena DIMASSOC, imene imamangirira muyeso ku chojambula, ikakhala kuti siili pa 2, umayeza pepala m'malo moyeza nyumba. Chipinda cha 4000 pa 1:50 chimalembedwa 80. Zikakhala choncho n'zosavuta kuona, koma choopsa ndi pamene munthu wasuntha khoma mu model, muyeso wa pa layout n'kutsala pamalo akale ndi nambala yakale. Chachiwiri, injiniya akapempha DWG, fayilo ya AutoCAD ija, amatsegula model n'kupeza makoma opanda nambala ngakhale imodzi.

Kuyambira AutoCAD 2008 kuli annotative. Mumapanga sitayilo ya zilembo ndi ya miyeso, kuiuza kuti papepala ikhale 2.5, ndipo pulogalamu imadziwerengera yokha malinga ndi sikelo ya viewport. Muyeso umodzi womwewo utha kuoneka bwino pa 1:50 ndi pa 1:100.

aPhiri: Sindikukana mayi. Koma mwaonapo fayilo imene munthu wasiya batani loonjezera masikelo lili loyatsa? Muyeso uliwonse umasenza masikelo khumi, ukaugwira pamatuluka mithunzi yambirimbiri, fayilo n'kulemera ngati thumba la simenti. Ndipo wachinyamata amatsegula viewport n'kupeza miyeso yonse yasowa, osadziwa kuti sikelo ya viewportyo siili pa mndandanda wa miyesoyo.

Nachisale: Zimenezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ANNOAUTOSCALE, batani mukunenalo, ndimaizimitsa mu template, fayilo yoyambira ntchito iliyonse, masikelo timaonjezera tokha pa zinthu zimene zikufunika. SCALELISTEDIT nayo ndimachotsamo masikelo onse a mainchesi ndi ena osagwira ntchito, kusiya 1:5, 1:10, 1:20, 1:50, 1:100, 1:200 ndi 1:500. Komabe ndikuvomereza kuti njira yanu ili ndi malo ake. Mitu ya zojambula, kamzere ka sikelo, zolemba za m'mbali ndi title block (bokosi la dzina la ntchito ndi la ofesi), zonsezo inenso ndimaika pa layout. Tiyamike, funsani abwana anu kuti ofesi yanu imatsata iti. Choipa kwambiri ndi ofesi imene wina akuchita za a Phiri, wina za ine, m'fayilo imodzi.

Yohane: Ine wa ku saiti ndilibe mbali pa mkangano umenewu, koma ndili ndi pempho limodzi kwa nonse ojambula. Chonde musamalembe nambala pamanja pamwamba pa muyeso. Chaka chatha tinalandira pulani kuchokera ku ofesi ina, kasitomala anali atapempha kuti chipinda chochezera chikule. Wojambula sanasunthe khoma, anangofufuta 4500 n'kulemba 5200. Miyeso ing'onoing'ono tikaiphatikiza siinkafanana ndi muyeso waukulu wa kunja. Tinazindikira maziko atathiridwa kale konkire mbali imodzi. Simenti inapita, masiku anayi anapita, ndipo woyamba kukalipiridwa anali mmisiri amene sanalakwe kanthu.

Madalitso: Pepani achimwene. Kwa amene mumalandira mafayilo a anthu ena, gwirani muyeso n'kuona Text override mu Properties. Mukapezamo nambala, dziwani kuti wina analemba pamanja. Mu Text override muzikhala mopanda kanthu.

Tiyamike: Funso lina, poti mwandilandira bwino. Mizere yodukaduka ya denga ndi ya maziko ikuoneka bwino mu model, koma pa layout ikuoneka yolunga ngati khoma.

Madalitso: Ikani LTSCALE pa 1, PSLTSCALE pa 1, MSLTSCALE pa 1 (izi zimalamulira kutalikirana kwa timizere todukaduka), kenako REGENALL. Ikakhala yotalikirana kwambiri tsitsani LTSCALE pa 0.5. PSLTSCALE imasungidwa pa layout iliyonse payokha, ndiye muione pa mapepala onse. Onaninso kuti fayilo yanu inayambira pa acadiso.dwt osati acad.dwt. Lembani MEASUREMENT, ikhale 1. Ikakhala 0 ndiye kuti mizere ndi ma hatch (timizere todzaza m'kati mwa chojambula) akuchokera ku mafayilo a mainchesi, ndipo mudzalimbana nazo mpaka ntchito kutha.

Kondwani: Moni akulu. Ine ndine wa za malo, ndalowa mochedwa magetsi anazima kuno. Tiyamike, site plan ya ku khonsolo mwaikonza kale? Ndikufunsa chifukwa pamenepa ndi pamene ojambula nyumba ndi ife timasemphana. Ife timagwira ntchito m'mamita, inu m'mamilimita. Mukatsegula fayilo yathu n'kusankha 1:500 pa mndandanda wanu, puloti imasanduka kadontho. Fayilo ya mamita pa pepala la mamilimita imafuna kuti mu viewport mulembe ZOOM kenako 2XP kuti mupeze 1:500, chifukwa 1000 kugawa ndi 500 ndi 2. Pa 1:200 ndi 5XP. Kapena onjezerani sikelo yanu pa mndandanda, milimita imodzi papepala kuimira 0.5 mu model, n'kuitcha dzina lomveka.

China, manambala athu osonyeza pamene malo ali padziko ndi a UTM zone 36, ndipo wa kumpoto umapitirira mamiliyoni asanu ndi atatu. Mukaikulitsa fayiloyo ka 1000 n'kujambula nyumba yanu komweko, muli kutali kwambiri ndi 0,0, ndipo ma hatch amayamba kusweka, mizere kukana kukumana bwino. Nyumba jambulani m'fayilo yakeyake pafupi ndi 0,0. Kenako muilowetse ngati xref (fayilo yolumikizidwa yoonekera m'fayilo ina) m'fayilo ya malo. INSUNITS ikakhala 4 (mamilimita) m'fayilo ya nyumba ndi 6 (mamita) m'fayilo ya malo, pulogalamu imachepetsa yokha. Ndipo chonde musasunthe kapena kuzunguza mabikoni athu, zizindikiro za malire a puloti, kuti puloti iwongoke papepala. Tikabwera kudzakhoma zikhomo timadalira manambala amenewo.

Tiyamike: Achimwene mwandigwira. Ndinazunguzadi puloti yonse mu model kuti msewu ukhale m'munsi mwa pepala.

Kondwani: Bwererani ku fayilo imene anakutumizirani poyamba. Chozunguza ndi viewport, osati dziko. Muli pa layout, onani kuti VPROTATEASSOC ili pa 1, gwirani malire a viewport n'kuchita ROTATE, zamkati zimazungulira limodzi. Muvi wa kumpoto muuike mu model kuti uzizungulira nawo, usadzaloze kolakwika.

Nachisale: Apa ndi pamene VP Freeze imathandizanso. Pa site plan simukufuna mipando, masinki ndi miyeso ya m'zipinda. Lowani mu viewport imeneyo, tsegulani Layer Properties, chitani freeze pa mzere wa VP Freeze, osati Freeze wamba. Wamba uja amazimitsa paliponse. Ndi njira yomweyi pulani imodzi imatulutsa pepala la mipando, la magetsi ndi la mipope. Koma zimatheka pokhapokha ma layer ali olongosoka. Ngati zonse zili pa layer 0 kapena pa Layer1, Layer2, palibe chimene mungazimitse.

Chisomo: Mayina a ma layer alipo ovomerezeka amene tiyenera kutsata?

Madalitso: Alipo angapo. ISO 13567 ilipo, a ku Britain anali ndi BS 1192, a ku America amatsata a AIA, aja a A-WALL, A-DOOR, A-GLAZ. Kwa ofesi ya anthu atatu kapena asanu, ine ndingati tengani maonekedwe a AIA poti ndi osavuta kuwerenga: chilembo choyamba chikuuza mwini wake, A wojambula nyumba, S injiniya wa zitsulo ndi konkire, E wa magetsi. Ma layer makumi awiri okha amene aliyense akuwadziwa aposa mazana awiri amene palibe akuwatsata. Mafayilo obwera ndi mayina achilendo mutha kuwatembenuza ndi LAYTRANS.

aPhiri: Ndipo layer iliyonse ikhale ndi kunenepa kwa mzere wake. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri, chifukwa mapulani ambiri amene ndikuona masiku ano mizere yonse ndi yofanana, khoma ndi matailosi osasiyana. Diso silidziwa poyambira. Pa bolodi tinali ndi zolembera za inki, chilichonse ndi mtundu wake pa chivindikiro: 0.18 chofiira, 0.25 choyera, 0.35 chachikasu, 0.5 chabulawuni, 0.7 chabuluu. Khoma lodulidwa 0.5 kapena 0.7, zitseko ndi mawindo 0.35 kapena 0.25, miyeso ndi ma hatch 0.18. Manambala amenewa sanangotoledwa. Lililonse ndi linzake kuchulukitsa ndi 1.4, monga momwe mapepala amakulira kuchoka A3 kupita A2. Ndiye A1 ikatsika pa A3, 0.7 imasanduka 0.35, 0.5 imasanduka 0.25, zonse zikadali m'banja lomwelo. Koma 0.18 imatsika kufika 0.09, ndipo pepalalo likadutsa pa fotokope kamodzi mzerewo wapita. Ichi ndi chifukwa china chokonzera pepala pa kukula kumene lidzasindikizidwe.

Yohane: Bambo mwanena zoona. Ndipo mitundu, chonde. Mzere wachikasu umaoneka bwino pa sikirini yakuda, koma papepala loyera kulibe. Tinalandirapo pulani imene mawindo onse sankaoneka.

Nachisale: Imeneyo ndi nkhani ya CTB, fayilo youza pulinta mmene mtundu uliwonse utulukire papepala. Mu Page Setup sankhani plot style, ngakhale monochrome.ctb yomwe ija, kuti mitundu yonse ituluke yakuda. Dziwaninso kuti CTB siyenda mkati mwa DWG, ndi fayilo yapayokha. Mukatumiza DWG yokha kwa osindikiza, adzagwiritsa ntchito yawo ndipo mizere idzatuluka mwina. Kwa osindikiza tumizani PDF, muwauze kuti Actual size. Kwa injiniya gwiritsani ntchito ETRANSMIT, imasonkhanitsa ma xref, CTB ndi mafonti pamodzi.

Zonse takambiranazi, Tiyamike, siziyenera kukhala m'mutu mwa munthu. Zikhale mu template, fayilo ya DWT: ma layer, masitayilo, masikelo, layout ya A3 ndi ya A1 zili ndi title block ndi page setup kale. Ine yanga ndinaikonza Loweruka limodzi, ndipo mwana watsopano akabwera ndimamupatsa imeneyo ndi pepala limodzi lofotokoza.

Madalitso: Kuno ambiri tasamukira ku Revit, pulogalamu ina yojambulira nyumba, koma musaganize kuti nkhaniyi imatha. Kumenekonso kuli ma sheet, ma view template ndi kunenepa kwa mizere. Amene anazimvetsa mu AutoCAD savutika.

Tiyamike: Akuluakulu, ndabweranso. Ndakhala pa ntchitoyi madzulo onse. Mapepala onse tsopano ali pa A3, pulani ndi ma elevation pa 1:100, section (chojambula cha nyumba yodulidwa pakati) pa 1:50, zilembo 2.5, ma viewport okiya, kamzere ka sikelo pansi pa chojambula chilichonse. Site plan ndayambiranso pa fayilo ya a saveya osaisuntha. Ndasindikiza pepala limodzi pa ofesi n'kuika lula, chipinda chija chikupereka mamilimita 40 ndendende. Abwana ati miyeso tiziika mu model, annotative, ndipo andipatsa ntchito yokonza template ya ofesi.

Yohane: Musaiwale kulemba Rev A, chizindikiro choti pepala lakonzedwanso, ndi deti pa title block, ndipo mukapita ku saiti mukatenge mapepala akale aja m'manja mwa akapitawo. Akatsala kumeneko, wina adzamangira omwewo.

Tiyamike: Ndalemba kale achimwene. Mawa 7 koloko ndikhala ndili ku saiti ndi mapepala atsopano, akalewo ndibwera nawo.

Chisomo: Mayi Nachisale, template yanu ija mungatigawireko ife a pasukulu?

Nachisale: Ndichotsemo kaye dzina la ofesi pa title block, ndiika pagulu pano Loweruka pamodzi ndi CTB yake. Bambo Phiri, muidutsemo pa kunenepa kwa mizere ana asanayambe kuigwiritsa ntchito.

aPhiri: Tumizani mayi, ndiisindikiza pa A3 ndiione ndi maso.